Galimoto yomwe ndinagula kwa dila ku Johannesburg yayamba kutentha: kodi ndingaibweze?

Funso

Ndimakhala ku Johannesburg, komwe ndimagwira ntchito. Masabata 7 apitawa ndinagula galimoto ya 2016 kwa dila wina wa magalimoto akale pamtengo wa R128 000, ndipo ndalama zonse ndinalipira kudzera kubanki. Inali itayenda makilomita 142 000. Pano madzi akumatha mu rediyeta pakangopita masiku awiri, m'mawa ikumatulutsa utsi woyera, ndipo Lamlungu lapitali muvi wa kutentha unafika pofiira. Makaniko wina wakwathu wangoyang'ana osamasula kanthu, akuti ndi head gasket, chomatira chapakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Nditabwerera kwa dila uja wandiuza kuti warranty yake ya masiku 30 (lonjezo lokonza galimoto ikavuta) inatha, komanso kuti ndinasainira zoti ndagula voetstoots, kutanthauza kuti ndaitenga mmene ilili. Makanikoyu akuti andikonzera motchipa. Ndimupatse? Nanga munthu wobwera ngati ine ali ndi kodandaulira?

Yankho

Achimwene, makanikoyo musamupatse kaye galimotoyo, kaya ndi waluso chotani, ndipo kuyambira lero musaiyendetsenso. Kumasulitsa injini kwa munthu wina ndi kupitiriza kuyendetsa galimoto yomwe ikutentha ndi zinthu ziwiri zomwe zingakutayitseni ufulu umene muli nawo panopa. Pepala la voetstoots lomwe munasainalo lilibe mphamvu yotero.

Lamulo lokutetezani ndi Consumer Protection Act, nambala 68 ya 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011. Limakhudza malonda ochitikira m'dziko la South Africa pakati pa wogula ndi munthu amene kugulitsa ndi ntchito yake, ndipo silifunsa kuti wogulayo kwawo n'kuti. Mmalawi amene wagula galimoto ku Johannesburg ali ndi chitetezo chofanana ndi cha mbadwa ya kumeneko. Ambiri mwa anzathu amangomeza malovu poopa kuti akadandaula aziputa zina, ndipo madila ena amadalira mantha amenewo.

Gawo 55 la lamuloli likuti katundu amene mwagula ayenera kukhala wotha kugwira ntchito yomwe anthu amamugulira, wabwinobwino, wopanda vuto, komanso wolimba kwa nthawi yoyenerera. Likupitiriza kunena kuti zilibe kanthu kaya vutolo linali lobisika kapena loonekera, kaya mukanatha kulizindikira musanatenge katunduyo. Choncho akakuuzani kuti "munaiyesa nokha pamsewu, munaikonda," dziwani kuti mawu amenewo sawapulumutsa. Kenako gawo 56(2) likuti katunduyo akalephera zimenezi pasanathe miyezi 6 chimulandirireni, mutha kumubweza popanda chilango, pa ndalama za wogulitsa, ndipo wogulitsayo ayenera kumukonza, kukupatsani wina, kapena kukubwezerani ndalama zanu. Wosankha pa zitatuzi ndinu, osati dila. Miyezi 6 imeneyi inachita kuikidwa ndi lamulo. Warranty ya masiku 30 ija ndi yongowonjezera pamwamba, ndipo gawo 56(4) likunena momveka kuti warranty ina iliyonse siichotsa ya lamuloyi. Inu muli pa masabata 7 okha.

Voetstoots ndi pangano lakale loti wogula watenga katundu mmene alili. Likugwirabe ntchito pamene munthu wamba wagulitsa galimoto yake kwa mnzake, ndipo magalimoto ogulidwa pa okishoni nawonso gawo 55 siliwakhudza. Koma dila sangalembe liwu limodzi pa pepala n'kusamba m'manja pa mavuto onse. Mpata umene lamulo lamupatsa, mu gawo 55(6), ndi wopapatiza: akuuzeni mwatchutchutchu mmene katunduyo alili, inu n'kuvomera kumutenga choncho. Ndiye tulutsani mapepala onse amene munasaina muwawerenge mzere ndi mzere. Ngati penapake panalembedwa kuti injini imatentha kapena imataya madzi, inu n'kusainira, nkhani yanu yalimba. Ngati pangolembedwa zachisawawa zoti galimoto ndi yakale ndipo yagulitsidwa mmene ilili, limbani mtima. Gawo 51 limaletsanso pangano lomwe cholinga chake n'kulanda wogula ufulu wa m'lamuloli.

Mukuwerenga choncho, onaninso dzina lomwe lili pa invoice ndi dzina la akaunti yomwe munatumizako ndalama. Pali madila amene amaimika galimoto pabwalo lawo, koma pepala la malonda n'kulilemba m'dzina la munthu wamba kuti zioneke ngati munagula kwa mnzanu. Zikakhala choncho, sungani chithunzi cha malonda omwe anaika pa intaneti, mauthenga a WhatsApp ndi umboni wa kubanki, chifukwa ndizo zidzasonyeze amene anakugulitsani kwenikweni.

Tsono pamene nkhani zambiri zimathera si pa voetstoots ayi, koma pa funso lakuti: kodi limeneli ndi vuto m'maso mwa lamulo, ndipo analiyambitsa ndani? Galimoto ya makilomita 142 000 siingafanane ndi yatsopano. Mabuleki kutha, matayala kuperepeseka, batire kufooka, kilatchi kuyamba kutsetsereka chifukwa cha ukalamba, zonsezi amaziona ngati kutha kwa zinthu komwe wogula galimoto yakale amayembekezera. Mu 2021 khothi la Supreme Court of Appeal, pa mlandu wa kampani ya Motus Corporation, linatsindika kuti vuto lobwezetsa galimoto liyenera kukhala lenileni ndi lalikulu ndithu, osati kalikonse kosakondweretsa mwini wake, ndipo wogula uja sanabwezeredwe ndalama. Lanuli si laling'ono. Injini yomwe ikumwa madzi ake n'kumatentha siingathe kugwira ntchito ya galimoto. Koma udindo wosonyeza zimenezi uli pa inu, ndipo mawu a pakamwa a makaniko sakwanira.

Head gasket imakhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Imatseka njira zitatu kuti zisakumane: moto wa m'masilinda, madzi oziziritsa, ndi oyilo. Ikapsa, madzi amalowa mu silinda n'kutuluka ngati nthunzi, yomwe ndi utsi woyera mukuuonawo, ndipo mpweya wa moto umalowa m'madzi n'kumawakankhira kunja. Kawirikawiri siingopsa yokha. Imapsa chifukwa injini inatenthapo: thermostat (kavalavu kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta) inakana kutseguka, pampu ya madzi inatha, fani inasiya kuzungulira, kapena rediyeta imadontha. Nthawi zina inakonzedwapo mwachinyengo, mutu osaupala kuti uwongoke, mabawuti akale n'kuwabwezeretsa. N'chifukwa chake funso loti kutenthako kunayamba liti ndilo mtima wa nkhani yanu.

Pali njira zoyezera zomwe sizifuna kutsegula injini, ndipo ndi zokhazi zomwe muyenera kulola. Yoyamba ndi block test: amaika kabotolo ka mankhwala a buluu pakamwa pa rediyeta kapena pa thanki ya madzi injini ikulira, ndipo ngati m'madzimo muli mpweya wa moto, mankhwalawo amasanduka achikasu. Yachiwiri ndi kupopera mpweya m'njira za madzi mpaka pa mlingo wolembedwa pa chitsekerero cha rediyeta, womwe pa magalimoto ambiri umakhala pakati pa 1 bar ndi 1.4 bar, n'kuona ngati muvi ukutsika. Ukamatsika koma pansi posadontha kanthu, madziwo akupita m'kati. Yachitatu ndi compression test, yomwe amangochotsa mapulagi. Masilinda awiri oyandikana akapezeka otsika limodzi, kapena kusiyana kwake kukapitirira 10 peresenti, ndi chizindikiro champhamvu. Pulagi ya silinda yomwe ikulowa madzi imaonekanso yoyera kuposa zinzake, ngati yatsukidwa.

Zimenezi zimangotsimikiza kuti vuto lilipo. Zomwe zimasonyeza kuti munalipeza kale ndi zina. Auzeni ayang'ane m'madzi a rediyeta ngati muli tizidutswa tonyezimira kapena matope a bulauni: amenewo ndi mankhwala otsekera podontha, omwe anthu osakhulupirika amathira kuti galimoto ipirire masabata angapo mpaka igulidwe. Ayang'ane ngati m'mbali mwa mutu wa injini muli zomatira zatsopano, kapena mabawuti owala pamene pena ponse pali fumbi. Ndipo akalumikiza kompyuta yoyezera, awerenge zonse n'kuzisindikiza, koma asafufute kanthu. Magalimoto ambiri amasunga chiwerengero cha makilomita omwe ayenda chifufutireni zizindikiro za mavuto. Chiwerengerocho chikafanana ndi mtunda umene inu mwayenda chigulireni, ndiye kuti wina anafufuta galimoto itatsala pang'ono kugulitsidwa. Umboni wotere ndi wovuta kuutsutsa, ndipo makaniko wa changu amatha kuuwononga pongodina batani limodzi.

Kuyezaku kuchitikire ku galaja yolembetsedwa, makamaka ya m'bungwe la Retail Motor Industry Organisation, yomwe ingakupatseni lipoti lolembedwa, lokhala ndi tsiku, makilomita, nambala ya VIN (nambala ya chasisi yozindikiritsa galimoto) ndi siginecha. Galimoto ipite kumeneko pa bulekidauni. Dila mumudziwitse molemba tsiku ndi malo musanapite, kuti akafuna atumize munthu wake. Makaniko wakwanuyo mwina wanena zoona, koma akangomasula mutu wa injini, dila adzaloza gawo 56(1), lomwe limamuchotsera udindo ngati katundu wasinthidwa atachoka m'manja mwake. Kutchipa kwa lero kudzakudyerani R128 000.

Yembekezerani kuti dila adzati injini munaiwotcha ndinu poyendetsa muvi uli pofiira. Pamenepa nenani zoona zokhazokha. Lembani tsiku lomwe munayamba kuona madzi akutha, kangati munathira, ndi mtunda umene munayenda Lamlungu lija muvi utakwera. Madzi anayamba kutha muvi usanafike pofiira, kutanthauza kuti vuto linayamba, kutentha n'kubwera pambuyo, ndipo dongosolo limeneli likukuikirani kumbuyo. Mukapitiriza kuiyendetsa mutadziwa, ndiye kuti mukumulembera dila umboni ndi dzanja lanu.

Akakuonetsani satifiketi ya roadworthy ngati umboni woti galimoto inali bwino, musagwedezeke. Kuyeza kumeneko kumaona za chitetezo cha pamsewu, monga mabuleki, magetsi, chiwongolero ndi matayala. Sikuona za m'kati mwa injini.

Kalata yanu ipite sabata ino, ngakhale lipoti lisanatuluke, chifukwa chomwe chimawerengedwa ndi choti munabweza nkhaniyi kwa wogulitsa miyezi 6 isanathe. Ilembeni m'Chingelezi chosavuta, tsamba limodzi. Muikemo tsiku lomwe munalandira galimoto, mtengo, nambala ya galimoto ndi ya VIN ya zilembo 17, makilomita a tsiku logula ndi a lero, ndi zizindikiro zonse ndi masiku ake. Kenako munene kuti galimotoyo siikukwaniritsa gawo 55(2), kuti mukuibweza motsatira gawo 56(2), ndipo mutchule chinthu chimodzi chomwe mwasankha. Musalembe kuti "chonde ndithandizeni" kapena "muone chomwe mungachite," chifukwa mawu otere amapereka chisankho m'manja mwa dila. Apempheni adzaitenge pa ndalama zawo, ndipo muwapatse masiku 7 ogwira ntchito kuti ayankhe molemba. Masiku 7 amenewa sali m'lamulo, koma ndi nthawi yomwe palibe angaitche yochepa. Tumizani pa imelo, ina mukapereke pamanja n'kusainitsa kope yanu. Akakuimbirani foni, mukangomaliza kulankhula alembereni uthenga wobwereza zomwe mwagwirizana.

Pa zitatu zija, ine ndingakulangizeni kuti musankhe kubwezeredwa ndalama. Injini yomwe yatentha mpaka pofiira siiwonongeka gasket yokha. Mutu wa aluminiyamu umapindika, nthawi zina umang'aluka, malingi a mapisitoni amafooka, ndipo madzi akasakanikirana ndi oyilo amadya mabeyaring'i mwakachetechete. Zina mwa izi zimadzaoneka patapita miyezi, nthawi ya lamulo itatha. Komanso dila amene wayamba n'kukubisirani ufulu wanu si munthu woti mumukhulupirire kuti akonza mosamala pa ndalama zake. Kupatsidwa galimoto ina kumamveka bwino, koma pa magalimoto akale kupeza yofanana mtengo, chaka ndi makilomita n'kovuta, ndipo mapeto ake amakuuzani kuti muwonjezere ndalama.

Konzekerani mkangano umodzi: adzafuna kuchotsapo ndalama za makilomita omwe mwayenda. Gawo 56 likuti kubwezako kukhale kopanda chilango, choncho yambani n'kufuna ndalama zonse. Komabe pokambirana nkhani zotere, kuchotsera kwa mtunda kumabuka kawirikawiri, ndipo pa masabata 7 sikuyenera kukhala kwakukulu. Akatchula chiwerengero, afotokoze molemba mmene achipezera. Chomwe simuyenera kulola ndi ndalama za "handling" kapena "restocking" zongotchula m'mutu.

Mukaona kuti galimotoyo mukuifunabe ndipo mwasankha kuti aikonze, musangosiya makiyi. Gwirizanani molemba kuti mutu wa injini upite kwa akatswiri akauyeze ngati uli ndi ming'alu ndi kuupala, aike gasket ndi mabawuti atsopano, apeze chomwe chinayambitsa kutentha n'kuchisintha, kaya ndi thermostat, pampu ya madzi kapena fani, asinthe oyilo ndi fyuluta, atsuke njira za madzi n'kuthira madzi oziziritsa oyenera, osati a pampopi okha. Mutenge job card (pepala lolembapo ntchito yomwe agwira) ndi malisiti a zipangizo. Mapepala amenewa ndi ofunika chifukwa cha gawo 56(3): akakonza, ndiye pasanathe miyezi 3 vutolo n'kubwerera kapena lina n'kupezeka, dila saloledwanso kuyesa kachiwiri, ayenera kukupatsani galimoto ina kapena kubweza ndalama. Miyezi 3 imawerengedwa kuchokera pa kukonzako, choncho tsiku lotengera galimoto lilembedwe. Gawo 57 nalo limaika warranty ya miyezi 3 pa zipangizo zomwe zaikidwa ndi pa ntchito yoziika.

Pali misampha ina yomwe imabwera ngati chifundo. Wina ndi woti "tigawane, inu theka ife theka." Lamulo likuti kukonzako ndi kwa ndalama za wogulitsa. Wina ndi wokukankhirani ku kampani ya warranty yogula padera, ngati anakugulitsani yotero. Mapangano amenewo nthawi zambiri amakana vuto lomwe linalipo kale, ndipo amakhala ndi malire a ndalama pa chipangizo chilichonse, kotero mumatsala ndi ngongole yomwe siinali yanu. Woopsa kwambiri ndi pepala lolembedwa "full and final settlement." Mukalisaina posinthana ndi ndalama zochepa, mwatseka nkhani yonse.

Tsiku lopereka galimoto, ijambuleni mbali zonse, m'kati, ndi pa makilomita. Wolandira asaine kuti wailandira pa tsiku lakuti, ili motere, chifukwa cha dandaulo la gawo 56, komanso kuti sipadzakhala ndalama zosungira. Zimachitika kuti galimoto ikakhalitsa pabwalo lawo amatulutsa bilu ya tsiku ndi tsiku kuti mufooke. Pepala lenileni la umwini, lija la NaTIS, likhale kwa inu mpaka ndalama zitaoneka mu akaunti yanu.

Dila akakana kapena akangokhala chete, musathamangire kukhothi. Gawo 69 limafuna kuti muyambe mwayesa njira zina zomwe lamulo laika. Pa magalimoto, khomo loyamba ndi Motor Industry Ombudsman of South Africa, omwe amadziwika kuti MIOSA, ovomerezeka pansi pa lamulo lomweli kuyambira mu 2015. Kupereka dandaulo n'kwaulere kwa wogula. Mumadzaza fomu yawo pa intaneti n'kuphatikizapo pangano la malonda, invoice, umboni wa malipiro, kalata yanu, mayankho a dila ndi lipoti la ku galaja. Iwo amamva mbali zonse ziwiri n'kupereka chigamulo cholemba. Zimatenga nthawi, mwina miyezi, ndipo chigamulo chawo sichili ngati cha khothi chomwe angalandire nacho katundu wa munthu. Komabe ndi pepala lolemera. Dila akachinyozera, mumapita nacho ku National Consumer Commission, yomwe imafufuza n'kutengera nkhaniyo ku National Consumer Tribunal. Chigamulo cha Tribunal chimamanga, ndipo ili ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa chofika R1 miliyoni kapena 10 peresenti ya ndalama zomwe kampani yapeza pa chaka. Commission ikakana kupititsa nkhani yanu, imakupatsani kalata yonena zimenezo, ndipo mutha kupempha Tribunal kuti ikumvereni mwachindunji, koma nthawi yochitira zimenezi ndi yochepa, choncho musaigonetse kalatayo. Chigawo cha Gauteng chilinso ndi ofesi yake yoona za ogula komanso khothi lake la nkhani zotere. Malire a zonsezi ndi zaka 3, malinga ndi gawo 116.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi vuto lofanana koma anagula pa ngongole ya banki: musasiye kulipira mwezi ndi mwezi pokwiyira dila. Pangano lanu ndi banki ndi lina, ndipo mukasiya adzalanda galimoto n'kuipitsa dzina lanu. Adziwitseni a banki molemba za dandaulolo, popeza pa mapepala galimotoyo ili m'dzina lawo mpaka ngongole itatha. Amene miyezi 6 inawadutsa, ufulu wobweza wa gawo 56(2) watha, koma malamulo akale a malonda amalolabe kusumira wogulitsa pa vuto lobisika lomwe linalipo pogula, ndipo voetstoots siteteza munthu amene anabisa vuto mwadala. Njira imeneyo imafuna loya, ndipo malo othandiza za malamulo a m'mayunivesite ndi poyambira pabwino kwa amene ndalama zavuta.

Ambiri amagula galimoto ku Joni ali ndi ulendo wa kumudzi m'maganizo. Ngati inunso mumalinga zotero, ulendowo uyambe wadikira mpaka nkhaniyi itatha. Mtunda wodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kukafika ku Mwanza, galimoto itasenza katundu m'nyengo yotentha, ndi woyesa ngakhale injini yabwino. Ikakafera kumeneko, dila sadzatumiza bulekidauni kuwoloka malire atatu, mudzakakamizika kuimasulitsa kwa amene mwamupeza pafupi, ndipo umboni wanu wonse udzathera pomwepo. Ngakhale itakonzedwa ndi dila, miyezi 3 ya gawo 56(3) muimalizire pafupi ndi Johannesburg, mukuyang'ana mlingo wa madzi m'mawa uliwonse injini isanalire ndi kulemba chilichonse chachilendo pamodzi ndi tsiku ndi makilomita ake.